Mlandu wa Orc: Kodi Kuipa Kumayenda M'magazi?

M'chaka cha 1974 kampani yaing'ono yotchedwa TSR, ya m'tauni ya Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin ku America, idasindikiza timabuku titatu tolembedwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, momwe mudali malamulo a masewera achilendo otchedwa Dungeons & Dragons; ndipo kuyambira nthawi imeneyo kufikira lero lino anthu ochuluka m'maiko ambiri amasonkhana mozungulira tebulo, yense ali ndi pepala, pensulo ndi madayisi, kuti aluke nthano imodzi onse pamodzi. Mmodzi mwa iwo, amene amamutcha Dungeon Master, ndiye mwini bwalo, pakuti ndiye afotokoza dziko, mapanga ake, mafumu ake ndi zilombo zake. Otsalawo yense amatenga ngwazi imodzi yongopeka, nayankhula ndi kuchita m'malo mwake. Ndipo pakakhala chikaiko, kaya lupanga latema kapena laphonya, kaya mlonda wa pachipata wanyengeka kapena waumitsa khosi, amaponya dayisi, ndipo chimene dayisi yagamula sichibwezedwa.

Komatu wosewera asanalowe m'nkhondo ngakhale imodzi, amayamba wayankha funso limene lautsa mkangano waukulu m'zaka zino, ndilo lakuti: ngwazi yako ndi ya fuko liti? Pakuti m'maiko ongopekawa anthu sakhala okha. Muli ma elf, a moyo wa zaka mazanamazana, okongola, odziwa uta ndi matsenga, koma odzikuza. Muli ma dwarf, aafupi ndi ojintcha, a ndevu zazitali, okumba migodi ndi kusula zitsulo, okonda golide ndi mowa, osaiwala amene adawalakwira. Muli ma halfling, ang'onoang'ono, okonda chakudya ndi mtendere wa pakhomo. Ndipo kunja kwa malinga, kumapiri ndi kuzipululu, kuli ma orc, ma goblin ndi anzawo, amene mabuku akale a masewerawa adawalemba kuti ndi oipa, ankhanza, operewera nzeru, okhalira kufunkha midzi kufikira ngwazi itadza kudzawapha. Ambiri mwa mafuko amenewa adabwerekedwa ku mabuku a J. R. R. Tolkien, ndiwo The Hobbit la 1937 ndi The Lord of the Rings la 1954 ndi 1955. Ndipo kubwerekako kudali koonekeratu, kotero kuti m'chaka cha 1977 eni ufulu wa malonda a mabukuwo adaopseza kukasuma, TSR nisintha maina, hobbit nasanduka halfling, ent nasanduka treant.

Chimene Tolkien adachisimba monga nthano, masewerawa adachilemba monga lamulo, nachipatsa manambala. Ngwazi iliyonse imayesedwa pa zinthu zisanu ndi chimodzi, ndizo mphamvu, changu cha thupi, kulimba, nzeru, luntha ndi chikoka. Ndipo m'buku la osewera la 1978 fuko ndilo lidali kuwonjezera kapena kuchotsa pa miyesoyo. Elf ankalandira 1 pa changu nataya 1 pa kulimba. Dwarf ankalandira 1 pa kulimba nataya 1 pa chikoka. Half-orc, ndiye mwana wobadwa kwa munthu ndi orc, ankalandira 1 pa mphamvu ndi 1 pa kulimba, nataya 2 pa chikoka. Kuwonjezera apo padali malire a kukwera: half-orc wofuna unsembe sakadapitirira gawo la 4, angakhale atumikire mulungu wake mokhulupirika chotani, ndipo ntchito imodzi yokha imene akadakwera nayo popanda malire idali ya wakupha anthu mobisalira, pamene udindo wa paladin, msilikali woyera mtima, udasungidwira anthu okhaokha. Mudalinso ndandanda yosonyeza fuko limene likonda linzake ndi limene lidana nalo. Kope lachitatu la malamulo litatuluka m'chaka cha 2000 malire a kukwera adachotsedwa, koma half-orc ankalipira 2 pa nzeru ndi 2 pa chikoka. Ndipo ngakhale m'chaka cha 2016 buku la Volo's Guide to Monsters lidali kuchotsabe 2 pa nzeru za orc aliyense.

Madandaulo adalipo kuyambira kale, koma adafika pachimake m'chaka cha 2020, pamene dziko la America lidatekeseka ndi imfa ya George Floyd m'manja mwa apolisi ku Minneapolis. M'mwezi wa Juni chaka chomwecho kampani ya Wizards of the Coast, imene idagula TSR mu 1997, ndipo nayonso ili m'manja mwa Hasbro kuyambira 1999, idavomera poyera kuti mafotokozedwe a ma orc ndi ma drow, ma elf akuda okhala pansi pa nthaka, ankakumbutsa mowawa mmene mitundu yeniyeni ya anthu yakhala ikunyozedwera, nilonjeza kukonza. Buku la Tasha's Cauldron of Everything, lotuluka mu Novembala chaka chomwecho, lidalola wosewera kusuntha manambala a fuko lake ndi kuwaika pamene afuna. Ndipo m'buku la osewera la 2024 manambala aja sachokeranso ku fuko, koma ku makulidwe ndi ntchito ya ngwaziyo, ndipo orc adaikidwa pakati pa mafuko amene wosewera asankha monga ngwazi. Ena adaomba m'manja, ena adang'ung'udza kuti masewera awo aphedwa; ndipo popeza mlandu sugamulidwa ndi kukweza mawu, nkoyenera kuti timve mbali zonse ziwiri mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Tiyambe ndi iwo okonda zakale, amene mawu awo ali ndi nzeru yoposa imene otsutsana nawo amafuna kuvomereza. Choyamba amati nthano iliyonse imafuna zizindikiro zodziwika msanga. Ife amene tidakulira pa nthano za Kalulu ndi Fisi tidziwa kuti wosimba akangotchula Fisi, ana onse adziwiratu kuti kukudza dyera ndi kupusa, ndipo akatchula Kalulu ayembekezera ukathyali; wosimbayo sachedwa ndi kufotokoza mtima wa yense, koma alowa msanga m'nkhani, ndipo palibe mwana amene adachoka pamoto wa nthano zimenezo ali ndi chidani pa mtundu wa anthu. Momwemonso, atero iwo, mlendo amene wakhala patebulo koyamba, wosadziwa malamulo odzaza masamba mazana atatu, akauzidwa kuti iwe ndiwe dwarf, apeza pomwepo pogwira: adziwa mayankhulidwe ake, adziwa chimene akonda ndi chimene akwiya nacho, ndipo manyazi a kusewera pamaso pa anzake amuchoka. Akazolowera adzayamba yekha kupotoza khalidwe limene adalipeza, nadzapanga dwarf woopa mdima wa m'mgodi, kapena elf wosadziwa kukoka uta. Koma chopotozacho chiyenera kuyamba chakhalapo.

Chachiwiri amati orc si munthu, ndipo sadakhalepo munthu. Ndi chilombo cha m'maloto, chifaniziro cha nkhanza ndi nkhondo, monga chiwanda chili chifaniziro cha uchimo. Ndipo amabwezera mlandu kwa odandaula, nati iye amene ayang'ana chilombo cha mano otuluka kunja ndi khungu lobiriwira, naonamo munthu wa ku Africa kapena wa ku Asia, ameneyo ndiye ali ndi tsankho m'maso mwake. Amaitana monga mboni katswiri wa za maganizo a anthu, Christopher Ferguson, amene kafukufuku wake wofalitsidwa mu 2022 sadapeze umboni wakuti osewera masewerawa amakhala atsankho kuposa anthu ena. Za Tolkien mwini, amene adabadwira ku Bloemfontein ku South Africa mu 1892, amakumbutsa kuti m'chaka cha 1938, osindikiza mabuku a ku Germany atamufunsa za magazi a makolo ake monga ankafunira malamulo a chipani cha Nazi, iye adalemba yankho lonyansidwa ndi funsolo ndi lolemekeza Ayuda. Ndi kuti m'mawu ake otsazika pa sukulu ya ukachenjede ya Oxford mu 1959 adanena poyera kuti amadana ndi tsankho la apartheid. Munthu wotere, atero, sitingamuimbe mlandu wa chimene adachikana ndi pakamwa pake.

Chachitatu amati masewera a nkhondo amafuna mdani. Ndipo munthu amene watopa ndi ntchito ya sabata lonse, nabwera patebulo kudzapuma, safuna kuti chikumbumtima chimuzenge mlandu pa mdani aliyense amene wamugwetsa. Koma chachinayi ndicho ndichiyesa cholemera koposa, ndicho chakuti ngwazi yopandukira fuko lake imafuna fuko lakuti ilipandukire. M'chaka cha 1988 mlembi R. A. Salvatore, m'buku lake la The Crystal Shard, adaonetsa Drizzt Do'Urden, wa fuko la ma drow, ndiwo ma elf akuda okhala pansi pa nthaka, olambira Lolth, mulungu wamkazi wa akangaude. Drizzt adakana nkhanza za mzinda wa kwawo wa Menzoberranzan, natuluka kumka kumtunda, kumene anthu omwe ankawatchinjiriza ankamuthawa poona nkhope yake. Ndipo nkhani yake, imene yakondedwa ndi owerenga ochuluka, ndi ulaliki wotsutsa tsankho kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Komatu ulalikiwo ukadakhala wopanda mchere ma drow akadakhala anthu a mtendere. Ndipo mafuko onse akalinganizidwa, atero okonda zakale, elf adzangokhala munthu wa makutu osongoka, dwarf munthu wamfupi, orc munthu wobiriwira, ndipo kukoma konse kwa kukumana ndi cholengedwa cha mtundu wina kudzatha; pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo wofulumira kumponya mwala amaphwanya ndi mkhate womwe.

Tsono timve odandaula, tikukumbukira kuti umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Anzeru mwa iwo sanena kuti orc ndi Mwafirika wobisidwa. Chimene anena nchakuti mawu ofotokozera orc sadatsike kumwamba, koma adatoledwa pansi pano. Fuko lamphamvu m'thupi koma lochepa nzeru, lobereka ana ochuluka, lokhala m'misasa kunja kwa malinga a anthu otukuka, lolambira milungu ya mwazi, losatheka kuphunzitsidwa mtendere: ndani wodziwa mbiri ya ukapolo ndi ya utsamunda amene sadawamvepo mawu otere? Tolkien yemweyo, m'kalata ya 1958 yodzudzula ndondomeko ya kanema wa buku lake, adafanizira maonekedwe a ma orc ndi nkhope za anthu a ku Mongolia monga zinkaonekera zonyansa m'maso mwa Azungu. Ndipo mlembi James Mendez Hodes, m'nkhani yake ya 2019, adalumikiza orc ndi chiphunzitso cha akuluakulu a nkhondo a ku Britain, amene chitapita chipanduko cha 1857 ku India adagawa anthu a dzikolo pawiri, nati ma Sikh ndi ma Gurkha adabadwira nkhondo, pamene a ku Bengal ndi ofooka. Chiphunzitso chimenechi sichidathere ku India, pakuti kuno, m'masiku a Nyasaland, Ayao ankayesedwa fuko lankhondo polemba asilikali a King's African Rifles, monganso Akamba ku Kenya ndi Aacholi ku Uganda. Chidamveka ngati chiyamiko, koma amene anenedwa lero kuti adabadwira mfuti, mawa anenedwanso kuti sadabadwire cholembera. Ndipo uyu ndiye orc wa m'buku la 2016, wopatsidwa 2 pa mphamvu ndi wolandidwa 2 pa nzeru.

Odandaula amaonjezera kuti fanizo la Kalulu ndi Fisi limathera panjira. Fisi wa m'nthano ndi mmodzi, alibe mbumba imene tiiwerenga, ndipo ana omvera adziwa kuti dyera lake ndi lawo lomwe. Koma orc wa m'masewera ali ndi chiyankhulo, mudzi, milungu, akazi ndi makanda, ndipo amabereka ana ndi munthu, monga half-orc achitira umboni. M'buku la ulendo lotchuka la Gygax la 1979, The Keep on the Borderlands, muli linga la asilikali m'malire a ufumu, ndi mapanga apafupi okhalamo ma orc, ma goblin ndi ma kobold. Ndipo bukulo limawerenga m'mapangamo amuna, akazi ndi ana. Osewera a mibadwo yotsatana adafika pa funso limodzi lomwelo: tatha kupha ankhondo, nanga anawa tichite nawo chiyani? Ngati lamulo liti fukoli nloipa chibadwire, ndiye kuti kupha khanda ndi chilungamo, ndipo paladin woyera mtima akhoza kuchita osadetsa manja ake. Koma maganizo amenewo dziko lidawamva kale, osati patebulo la masewera, koma m'malire enieni a maufumu enieni. Za ma drow nakonso mlandu suchepa, pakuti ma elf oyera khungu okhala m'kuunika adalembedwa abwino, akuda okhala mumdima nalembedwa oipa, ndipo mabuku ena adagwirizanitsa maonekedwe awo ndi temberero la mulungu wa ma elf. Ndipo wowerenga Malembo sangalephere kukumbukira temberero la Nowa pa Kanani m'buku la Genesis, limene eni akapolo adalipotoza kwa zaka mazana kuti likhale chiweruzo pa khungu lakuda, ngakhale lembalo silinena kanthu za khungu.

Ndipo kuti asayesedwe olota, odandaula amaloza pamene chizolowezi chimenechi chidapsereza anthu enieni. M'buku la Curse of Strahd la 2016 mudali ma Vistani, oyendayenda pa ngolo, olosera za m'tsogolo, oledzera ndi osakhulupirika, amene ambiri adawazindikira kuti ndi chithunzi chonyoza cha Aromani. Ndipo kampani idavomera nikonza mawuwo mu 2020. Buku la Tomb of Annihilation la 2017 lidadzudzulidwa chifukwa dziko lake la Chult, lofanizira Africa, lidali nkhalango ya matenda, mabwinja ndi zilombo, yodikira alendo odzafuna chuma. Koposa zonse, m'chaka cha 2022, patapita zaka ziwiri chilonjezere kukonza, buku la Spelljammer lidasimba za ma hadozee, zolengedwa zonga anyani, zimene mfiti ina idazigwira, nizipatsa mankhwala ozitsegula nzeru kuti ikazigulitse monga asilikali aukapolo. Ndipo chimodzi mwa zithunzi zake chidafanana ndi zija za masewero akale a ku America onyoza anthu akuda. Kampani idapepesa mu Seputembala chaka chomwecho, nichotsa ndimezo. Sitinena kuti olembawo adakonza chiwembu. Koma kulakwa kosakonzekera kumeneku ndiko kusonyeza kuti dzanja lozolowera kujambula mafuko motere limabwerera lokha ku njira yakale pamene palibe wolidzudzula.

Nanga tikaika mawu onsewa pa muyeso, mbali iti ipepuka? Okonda zakale anena zoona kuti palibe umboni wakuti kupha ma orc patebulo kumasandutsa munthu watsankho. Koma alakwa poyesa kuti pamenepo mlandu watha, pakuti funso lakuti masewera amaononga mtima wa wosewera ndi lina, ndipo lakuti aliyense alandiridwa patebulo ndi linanso. Mnyamata wakuda wa ku Chicago kapena wa ku London, amene atsegula buku napeza kuti fuko lofotokozedwa ndi mawu amene adanyozera agogo ake ndilo lolandidwa nzeru mwa lamulo, safuna kafukufuku kuti amuuze chimene wamva. Alakwanso poyesa kuti ulemu wa Tolkien uyeretsa zonse zotuluka m'cholembera chake, pakuti munthu akhoza kudana ndi tsankho ndi mtima wonse, nakhalabe mwana wa nthawi yake m'zithunzi zimene zimudzera m'mutu asanaganize.

Odandaula nawonso ali ndi pofooka. Ena mwa iwo amafuna chitonzo m'chilombo chilichonse, kufikira wosimba nthano achita mantha kulenga kanthu koopsa. Ndipo nthano yopanda choopsa siphunzitsa kulimba mtima. Ena amakondwa msanga ndi kusintha kwa manambala ndi maina, osakumbukira kuti Hasbro ndi kampani ya malonda, imene chisoni chake chimayenda pamodzi ndi chiwerengero cha ogula. Ndipo kukonza kwina kwapweteka omwe kudayenera kuwathandiza: buku la 2024 lidachotsa half-elf ndi half-orc pa ndandanda ya mafuko, ndipo osewera ena obadwa kwa makolo a mitundu iwiri, amene ankadziona okha mwa ngwazi zokhala pakati pa mafuko awiri, adadandaula kuti afafanizidwa. Buku la zilombo la 2025 nalonso lidangochotsa orc ndi drow pa mndandanda wa adani okhala ndi tsamba lawolawo; kumeneko ndiko kubisa mlandu, osati kuuweruza, ndipo akulu adati mlandu suwola.

Chimene chindithandiza ine kugamula ndi nkhawa ya Tolkien mwini wake. Monga Mkatolika wopembedza, iye ankakhulupirira kuti Woipayo satha kulenga, koma kupotoza chabe zimene Mlengi adalenga. Ndipo chifukwa cha ichi ma orc ake adamusautsa kufikira imfa yake mu 1973. Ngati ayankhula, alingalira, nakangana za malamulo a akulu awo, ndiye kuti ali ndi mzimu. Ndipo ngati ali ndi mzimu, angakhale bwanji kunja kwa chipulumutso chibadwire? Zolemba zake zimene mwana wake Christopher adazisindikiza mu 1993 m'buku la Morgoth's Ring zisonyeza munthu woyesa njira iyi ndi iyo, kuti kapena adali ma elf opotozedwa, kapena anthu, kapena nyama zophunzitsidwa kuyankhula, osakhutira ndi imodzi. Chimene mlengi wa ma orc adalephera kugona nacho tulo, olemba malamulo a masewera adachimaliza ndi mawu awiri m'ndandanda, owatcha oipa. Koma mneneri Ezekieli adatsutsa kale mwambi wa Aisraeli wonena kuti ana alipira mphesa zosapsa zimene adadya makolo awo, naphunzitsa kuti yense adzasenza mphulupulu yake ya iye mwini. Ndipo makolo athu, amene adati make mbuu mwana mbuu, ndi kuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ndi omwewonso adati m'mimba ndi m'chipala, pakuti adaona ana a bere limodzi akutuluka wina mmisiri, wina mbala.

Chotero ndiyesa kuti pali zinthu zitatu zimene malamulo akale adazimanga mtolo umodzi, ndipo ziyenera kumasulidwa: thupi limene cholengedwa chibadwa nalo, mudzi umene chikuliramo, ndi njira imene chisankha. Thupi lisiyane, ndipo lisiyane ndithu. Elf amene akhala ndi moyo zaka 750 adzaika m'manda abwenzi ake aumunthu, ndi ana awo, ndi zidzukulu zawo. Ndipo wosewera amene alingalira chimene moyo wotere uchita ndi mtima, adzapeza chuma choposa mawu amodzi akuti wodzikuza. Dwarf woona mumdima amange mizinda imene munthu sangaimange, orc wopirira mabala apirire. Pamenepo palibe chitonzo, pakuti kusiyana kwa matupi a zolengedwa zongopeka sikuweruza mtima. Mudzi nawo ukhoza kukhala woipa, inde woipitsitsa; Menzoberranzan akhale mzinda wa mwazi, koma chifukwa cha ansembe a Lolth, ndi mantha, ndi maphunziro a ana, osati chifukwa cha khungu; ndipo potero Drizzt sataya kanthu, koma apindula, pakuti asanduka munthu amene adasankha, osati chozizwitsa cha chibadwidwe. Koma kusankha kwa pakati pa chabwino ndi choipa, pamodzi ndi muyeso wa nzeru, zisalembedwe m'magazi a fuko lililonse loyankhula ndi lolera ana.

Izi si zolota, pakuti olemba ena adayenda kale m'njira imeneyi, masewera awo osafa. M'masewera a Shadowrun, otuluka mu 1989, ma ork ndi ma troll ndi anthu a dziko lathu lomwe lino la m'tsogolo, amene matupi awo adasandulika. Ndipo tsankho limene akumana nalo, ndi gulu lowada lotchedwa Humanis Policlub, ndi mbali ya nkhaniyo, yoikidwa poyera kuti osewera alimbane nayo. M'dziko la Eberron, limene Keith Baker adalenga ndipo lidasindikizidwa mu 2004, ma orc ena ndi ansembe a m'nkhalango otchedwa Gatekeepers, amene kwa zaka zikwi akhala akulondera dziko kuti zoopsa zakunja zisalowe, pamene ena ndi achifwamba monga aliri anthu ena. Kampani ya Paizo, m'kope lachiwiri la Pathfinder la 2019, idalekanitsa makolo a ngwazi ndi makulidwe ake, niika goblin pakati pa ngwazi. Ndipo mu 2021 idatulutsa buku la The Mwangi Expanse, lonena za dziko lofanizira Africa, lolembedwa ndi gulu momwe mudali olemba akuda ambiri, losimba dzikolo monga aliona eni ake, osati monga aliona mlendo wodzafuna chuma. Ndipo amene aopa kuti adani adzasowa atonthole mtima, pakuti ogulitsa akapolo, achifwamba, mafumu ankhanza, mitembo yoyenda ndi ziwanda za kumidima sizidzatha m'nthano. Ndipo gulu la ma orc limene latentha mudzi likhoza kuthamangitsidwa ndi lupanga popanda chikaiko, chifukwa latentha mudzi.

Potsiriza tikumbuke kuti m'masewera awa buku si mfumu. Kuyambira masiku a Gygax malamulo eni ake amavomereza kuti mawu otsiriza ali ndi Dungeon Master ndi anzake a patebulo. Kampani isinthe masamba ake kapena isasinthe, mlandu uwu umazengedwa mwatsopano paliponse pamene anthu asanu akhala pansi kusewera, ndipo woweruza ndiye amene afotokoza chimene ngwazi zipeza zikalowa m'phanga. Kwa iye ndinena kuti okonda zakale asungiridwe chimene apempha mwachilungamo, ndicho mafuko osiyana kwenikweni ndi adani oopsa kwenikweni. Odandaula nawo apatsidwe chimene apempha mwachilungamo, ndicho kuti pasakhale fuko lotsutsidwa lisanabadwe. Zopempha ziwirizi sizilimbana, ndipo tebulo limodzi likhoza kuzisenza zonse, malinga mwini bwalo agwiritse lamulo limodzi ili: mdani aweruzidwe pa chimene wachita, osati pa amene adamubala.